Mfuti Imene Sinakankhe

Loweruka pa 14 Seputembala 2019, masana, mkazi wa makaniko wina anathyoka fupa la paphewa lakumanja akuyanika zovala kuseri kwa nyumba yake. Sanaterereke, ndipo palibe amene anamukhudza. Mayi woyandikana naye anaona zonse kudzera pampanda. Pa nthawi yomweyo mwamuna wake anali kutsidya lina la tauni, atagona chafufumimba pabwalo loomberapo mfuti, woyang'anira bwalolo ataima pambali pake. Mboni ziwirizi sizidziwana. Zomwe zili pano n'zimene zinanena mbonizo ndi makanikoyo, popanda chowonjezera.

Mfutiyo inali ya bambo ake a makaniko, msilikali wakale. Inali yaitali, yolemera, ya thabwa lofiirira, ndipo pachitsulo panadindidwa 1943. Boma likugulitsa mfuti zakale kwa anthu a malaisensi, bambowo anakana zonse zimene anawaonetsa mpaka anapeza yomwe ankanyamula okha kunkhondo. Nambala yake ankaidziwa pamtima. Zimene anachita nayo sanauzepo munthu. Ukawafunsa ankangoti, "Anandiuza kuti ndiombe."

Loweruka lililonse m'mawa ankatereka ketulo. Ankachotsa chitsulo chotsekera chipolopolo, n'kuzondotsa mfutiyo mlomo wake uli m'ndowa, n'kuthira madzi owira kudzera m'fanelo mpaka mpope wa mfutiyo utatentha kosagwirika. Kenako nsanza youma, kenako mafuta. Umu ndi mmene asilikali akale ankachitira akaomba, chifukwa zipolopolo za nthawi imeneyo zinkasiya mchere mumpope, ndipo mchere susungunuka ndi mafuta. Koma mfutiyi inali itatha zaka zoposa makumi atatu osaombedwa. Madzi ankatulukabe akuda bii.

"Bambo, mwaye umenewu ukuchokera kuti?" makaniko anafunsapo tsiku lina.

"Iwe dzikonza magalimoto ako," anatero bambowo. "Woitsuka ndiye mwini wake. Wina asadzagwire ketulo imeneyi."

Bambowo anamwalira mu Juni chaka chomwecho cha 2019, atadwala miyezi ingapo. Ngakhale ali chigonere, mfuti ankaitsuka okha pabedi, mwana wawo akungogwirira ndowa. Posambitsa thupi, makaniko anaona mkwingwirima paphewa lakumanja, pamalo enieni pokhala tsinde la mfuti. Unali watsopano, wofiira m'mbali. Anauphimba ndi malaya, sanauze munthu.

Laisensi anaisinthira m'dzina lake. Za ketulo anaziona ngati zaukalamba. Iye anali munthu wa zitsulo, wodziwa kuti chitsulo ndi madzi sizigwirizana. Mfutiyo anaipaka mafuta abwino, anaitsekera m'kabati yachitsulo m'chipinda chosungiramo katundu, kiyi n'kukoleka pamsomali kuseri kwa chitseko.

Fungo linayamba mu Julayi. Linkabwera Loweruka lokha, m'mawa, kadzutsa asanathe: fungo la wonga wongopsa kumene, lowawa kukhosi. Linkayambira m'chipinda cha katundu n'kudzaza khonde lonse la m'nyumba. Galu ankakana kulowa. Pofika masana linkatha lokha.

"Abambo, simukumva?" mkazi wa makaniko anafunsa mwamuna wake.

"Ndi matayala amene ana akuwotcha kumsewu."

"Matayala a m'kabati?"

Makaniko anaseka n'kupita ku galaja.

Chakumapeto kwa Ogasiti, Loweruka lina, anabwera kuchokera kuntchito n'kupeza ndowa pakhomo la khitchini. Madzi ake anali akuda. Fanelo inali pambali, ikudontha.

"Ndatsegula kuti ndione chikununkha," mkazi wake anatero, akupukuta manja. "Dzimbiri linali litayamba kale kumlomo. Apongozi akanaona akanalira. Ndinkawaona mmene ankachitira, si zovuta ayi. Ndipo fungo latha."

Anali atachita bwino. Mpope unali kuwala ngati watsopano. Makaniko anafuna kukalipa, koma akanati chiyani? Kuti madzi owira ali ndi mwini? Anangoti zikomo, kiyi n'kuika m'thumba mwake.

Loweruka lotsatira mkaziyo analephera kunyamula mkono popesa tsitsi. Anatsitsa bulauzi pang'ono kuti mwamuna wake aone.

Mkwingwirima unali pamalo pomwepo pamene unali wa bambo ake. Kukula kwake komweko.

"Mwina ndagonera," anatero mkaziyo.

Makaniko anakatenga mfuti m'kabati. Anatereka yekha ketulo, anatsuka yekha mfuti. Madzi anatuluka oyera mbee, ngati mmene analowera. Anabwerezanso. Oyera.

Sabata imeneyo anakaonana ndi woyang'anira bwalo loombera, mkulu amene anzake ankamutcha Gonthi chifukwa mfuti zinamugonthetsa khutu limodzi. Anamufotokozera zonse, mokweza mawu, akuchita manyazi.

Gonthi sanaseke. "Ine za mizimu sindidziwa, achimwene. Ndimadziwa mfuti. Mfuti imadziwa phewa limene laiomba. Akazi anuwo anangoitsuka, sanaiombe. Bwerani nayo Loweruka, muiombe nokha. Ikakukankhani, ndi yanu." Kenako anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma mudye kaye. Zakalezi zimagwetsa amuna onenepa kuposa inu."

Pa 14 paja makaniko anadzuka m'mawa, anasiya mkazi wake akuchapa ndi dzanja limodzi. Gonthi anaiyendera mfutiyo mosamala, anasuzumira mumpope, anayesa chotsekera, n'kunena kuti ili bwino kuposa zambiri zatsopano. Anamupatsa zipolopolo zitatu. Anamuonetsa kagonedwe, ndi mmene angakanikizire tsinde paphewa osasiya mpata, chifukwa mpata ndi umene umathyola fupa.

Kunali duu. Mphepo kunalibe. Wezulo wa kufakitale ya simenti, amene amalira masana n'kumveka tauni yonse, anayamba kulira.

Makaniko anakoka kachitsulo koombera.

Mfuti inalira. Fumbi linadzuka pansi pa mlomo wake. Khungwa la chipolopolo linatuluka lotentha.

Paphewa pake sanamve kanthu.

Anaganiza kuti ndi mantha. Analowetsa china. Anakoka. Phokoso lomwelo, fungo lomwe lija la Loweruka. Tsinde linangokhala phee, ngati dzanja la munthu wogona.

Analowetsa chachitatu.

"Imani," anatero Gonthi, motsitsa mawu.

"Chatsala chimodzi."

"Ndati imani. Chotsani chala." Mkuluyo anagwada, anachotsa yekha chipolopolocho. "Ndakhala pano zaka zambiri. Sindinaonepo mfuti yotere ikulira, munthu osagwedezeka ngakhale malaya. Kukankhako kwapita kwinakwake, achimwene."

Foni inalira m'thumba la makaniko.

Mayi woyandikana nawo uja akunena kuti wezulo atangoyamba, mkaziyo anali atakweza manja pachingwe, ali ndi shati ya mwamuna wake. Phewa lake linakankhidwira kumbuyo mwamphamvu moti anazungulira. Anagwira chingwe n'kuimanso. Kenako kachiwiri, ndipo ulendo uno anakagunda khoma. Panalibe phokoso lililonse kupatula kulira kwa fupa. Mayiyo atalumpha mpanda anapeza pabwalo ponse pakununkha wonga.

"Akanati aombe kachitatu," mkaziyo anamuuza ali pansi, "sindikanadzuka."

Mayiyo akulumbira kuti sanamuuze za kuomba kulikonse, chifukwa iyenso sankadziwa. Makaniko sanauze mkazi wake kumene ankapita.

Gonthi anapita kukaona chandamale madzulo ake. Chinalibe bowo. Anafufuza mulu wa mchenga kuseri kwake, sanapezemo chipolopolo chatsopano.

Lachinayi lotsatira makaniko anakapereka mfutiyo kuti iwonongedwe, monga mwa lamulo. Anaimirira pomwepo amisiri akuidula ndi moto wa gasi. Thabwa analitentha. Iye sanasungeko ngakhale kasikuluwu. Ketulo ndi fanelo anazitaya kudzala.

Fupa silinalumikizane. Dokotala amene amamuona mkaziyo akuti likamayamba kugwirana limapezeka lasokonekeranso, ngati pali chimene chimaligunda. Anamufunsa makaniko mafunso ena, m'chipinda chapadera, chitseko chili chotseka. Makaniko anayankha onse. Dokotala sanakhutire, ndipo makaniko sakumuimba mlandu.

Loweruka sapitanso ku galaja. Amafunditsa madzi m'poto, amakhazika mkazi wake pampando wa m'khitchini, n'kumusambitsa phewalo ndi kansalu, pang'onopang'ono. Salola munthu wina kugwira kansaluko, ngakhale mchemwali wake wa mkaziyo.

"Mukuganiza kuti mfutiyo idzasamukira kwa inu?" mkaziyo anamufunsa tsiku lina.

"Bambo anati woitsuka ndiye mwini wake."

"Ndiye mwandisandutsa mfuti?"

Onse anaseka pang'ono, kenako anasiya.

Akafinyira kansaluko m'beseni, madzi amatuluka akuda. Akatha, makaniko amalowa kubafa, amavula malaya, n'kuima pagalasi. Mpaka Loweruka lapitali, phewa lake linali lilibe kanthu.