Munditsekere Limodzi ndi Agogo

Mwawi ankakhala ku Dambe. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti agogo ake azituluka panja.

Agogo akewo anali a Binwell. A Binwell anali ndi matenda oiwala. Ankaiwala mayina. Ankaiwala njira. Nthawi zina ankaiwala ngakhale ana awo.

Mwezi wa Juni unafika. Ku Dambe kunazizira kwambiri. Tsiku lina m'mawa agogo anatuluka okha. Kunja kunali nkhungu. Anthu anawapeza kumtsinje. Analibe juzi. Ankanjenjemera.

Abambo a Mwawi, a Sosten, anachita mantha. Anagula loko. Onse akamapita kukathyola manachesi, agogo ankatsekeredwa m'nyumba.

Agogo ankagogoda chitseko. Go! Go! Go! Palibe ankatsegula. Kenako anasiya kugogoda. Anasiyanso kudya. Zimenezi zinamupweteka Mwawi mumtima.

Loweruka m'mawa, abambo anatenga madengu. Anatenganso loko uja. Koma Mwawi anakhala pansi, pakhomo penipeni.

"Choka pamenepo, Mwawi," anatero abambo.

"Ayi, sindichoka."

"Tiye kumunda."

"Ayi, sindipita."

Mwana ameneyu akati ayi, ndiye kuti ayi basi. Ngakhale mbuzi imamva msanga kuposa iye!

"Agogo akatsala, inenso nditsala," anatero Mwawi. "Munditsekere limodzi ndi agogo."

"Mwana iwe, kunja kukuzizira," anatero amayi. "Agogo adwala."

"Ndiwaveka juzi."

"Nanga akasochera?" anafunsa abambo.

"Ndiwagwira dzanja."

"Nanga akatopa?"

"Ndiwayalira mkeka."

Abambo anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana kumbali. Ankabisa kuseka. Abambo anapukusa mutu. Anaika loko m'thumba.

"Lero lokha," anatero. "Wamva? Lero lokha!"

Mwawi anaveka agogo juzi. Anawaveka chipewa. Anawaveka masokosi awiri osafanana. Kenako anawagwira dzanja. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumunda.

Nkhungu inachoka. Dzuwa linatuluka. Mwawi anayala mkeka padzuwa. Agogo anakhala pansi. Anangoti duu. Sanaseke.

Mwawi anayamba kuda nkhawa. Kodi walakwitsa? Kodi agogo abwerera m'nyumba muja?

Ayi! Mwawi anathamanga. Anabwera ndi nachesi limodzi. Analiika m'manja mwa agogo.

Agogo analinunkhiza. Analinunkhizanso. Zala zawo zinayamba kusenda. Anadya kachidutswa kamodzi. Anadya kena. Anadya lonse!

"Lina," anatero agogo.

Mwawi anakoka dengu lonse. Koma agogo sanadyenso. Anayamba kusankha. Manachesi aakulu anawaika uku. Aang'ono anawaika uko. Owola anawaponya kutali. Mutu unali utaiwala zambiri. Koma manja sanaiwale ntchito yawo. Agogo anayamba kuyimba chapansipansi.

Kenako anatola nachesi lina. Linali long'ambika pamwamba. Anatola linanso. Nalonso linali long'ambika. Nkhope yawo inasintha. Anaimirira.

Mwawi anawagwira dzanja msanga. "Mukupita kuti, agogo?"

"Kwa mnyamata uyo!"

Mnyamatayo anali abambo a Mwawi. Anali pansi pa mtengo. Ankathyola manachesi mofulumira. Ankangokoka, kukoka, kukoka.

"Iwe mnyamata!" anakuwa agogo. "Usakoke! Ukakoka, khungu ling'ambika. Khungu likang'ambika, nachesi liwola."

Abambo anaima. Pakamwa panali yasa.

Agogo anagwira nachesi panthambi. Analipotokola pang'ono. Linathothoka bwinobwino. Khungu silinang'ambike.

"Waona?" anatero agogo. "Upotokole. Tayesa."

Abambo anayesa. Anapotokola pang'ono. Nachesi linathothoka bwinobwino. M'maso mwawo munalengeza misozi.

"Munkandiuza chonchi ndili mwana," anatero abambo. "Kodi mwandidziwa? Ndine Sosten."

Agogo anawayang'ana kumaso. Anawayang'ana kumapazi.

"Sindikukudziwa," anatero. "Koma kuthyola sutha!"

Amayi anaseka mpaka anagwira m'mimba. Mwawi anaseka mpaka anagwa pansi. Abambo nawo anaseka, uku akupukuta misozi.

Masana onse anakhala pamkeka. Anaothera dzuwa. Anadya mbatata yophika. Agogo anadya ziwiri.

"Mawa ndibweranso," anatero agogo. "Anthu inu mungandiwonongere zipatso."

Mwawi anayang'ana abambo. Anapinda manja pachifuwa. Anali wokonzeka kunenanso ayi.

Koma abambo anakonza chipewa cha agogo. Anachikokera mpaka kumakutu.

"Mubwere mawa," anatero. "Mubwerenso mkuja. Mwawi akapita kusukulu, dzanja lanu ndizigwira ndine."