Liwu Limene Linkawakola Bambo

M'nyumba ya telala munali lamulo limodzi limene mwana aliyense ankalidziwa asanadziwe kuwerenga: bambo akamayankhula, munthu asawamalizire mawu. Bambowo anali achibwibwi. Liwu likawakola, mitsempha ya pakhosi inkatupa, maso n'kutsinzina, phazi likugunda pansi ngati akupalasa makina awo osokera. Mayi ndi ana ankadikira. Tiyi ankazizira m'makapu, iwo akudikirabe. Ndipo liwulo likatuluka linkalemera, chifukwa munthu wovutikira mawu chonchi sawataya pachabe.

Mwana wawo wamkazi womaliza, amene onse ankangomutchula kuti Mzime, ndiye ankadziwa kudikira kuposa onse. Atakhoza mayeso, achimwene ake anamugulira foni.

Tsiku lomwelo anakawaonetsa bambo ku shopu. M'fonimo bambo anaona nsomba yaikulu kuposa basi. Anaona mzimayi wa kutsidya kwa nyanja akudula diresi ndi sizasi yonga yawo yomwe. Telala anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

"Zo-zonsezi zili m'kanthu aka?"

"Dziko lonse, bambo. Aliyense amaponyamo zake, ena n'kumamutsatira."

"Ku-kumutsatira kupita kuti?"

Mzime anaseka. Mayi ake, amene ankasita malaya pakona, sanaseke.

"Mwanawe, za m'banja muno zisalowe m'menemo. Chimene chalowa m'menemo sichidziwa njira yobwerera."

Mzime anatsegula tsamba lake. Anaimba, anavina, anaonetsa malukidwe a tsitsi. Patatha miyezi itatu, omutsatira anali makumi anayi ndi atatu, ndipo theka lawo anali abale. Mnzake wa m'kalasi, amene ankamutchula kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka, anali nawo zikwizikwi.

"Iwe, anthu safuna nyimbo zakozo," anatero Wailesi. "Amafuna kuseka. Kwanu kulibe choseketsa?"

"Kulibe."

"Nanga adadi ako aja?"

Mzime anakwiya, masiku awiri osamuyankhula. Koma mawuwo anali atapeza kale pokhala.

Sabata yomweyo abusa anapempha telala kuti adzatsogolere pemphero Lamulungu. Zaka makumi atatu akupemphera pa tchalitchipo, anali asanaimepo kutsogolo. Anavomera. M'mawa uliwonse, makasitomala asanafike, ankaima pakati pa zovala zopachikidwa n'kumayeserera. Pemphero lonse linkayenda bwino, kupatula liwu limodzi.

"Ambuye, muti-khu-khu-khu-khu..."

Lachinayi Mzime ankasesa tizidutswa ta nsalu kuseri kwa katani yoyeserako zovala. Anawamva bambo atakodwa pa liwu lija. Anaika tsache pansi, anatulutsa foni, n'kujambula. "Ndingomuonetsa Wailesi basi," anadziuza.

Atamuonetsa kusukulu, Wailesi anaseka mpaka misozi.

"Ponya! Adadi ako akaona kuti? Mawa ufufuta."

Anaponya pa nthawi yopuma masana. Poweruka, oonera anali mazana asanu. Lachisanu m'mawa anali zikwi makumi anayi, ndipo nambalayo inkasintha iye akuiyang'ana. Pansi pake anthu ankalemba m'zinenero zimene Mzime sanazionepo, zilembo zina zopindika ngati mbedza. Anakhala pabedi kukamwa yasa, osadziwa ngati n'chimwemwe kapena mantha. Ndinene zoona, ngakhale ine chinthu ichi chimandiimitsa tsitsi. Mawu amene munthu ankauza Mulungu wake chitseko chili chotseka, tsiku lisanathe anali atawoloka nyanja, akumveka m'manja mwa anthu amene sadzadziwa n'komwe kuti mwiniwake amasoka bwino makolala.

Wina anadula kanemayo, anaikamo ng'oma ndi kulira kwa nkhuku. Loweruka inali nyimbo. Inkalira m'maminibasi, mometera tsitsi, pamsika. Apo m'pamene Mzime anazindikira chimene wachita. Anathamangira kuchipinda n'kufufuta. Foni inamuuza mwaulemu kuti kanema wafufutidwa. Pasanathe ola, Wailesi anamutumizira yemweyo kuchokera pa masamba a anthu ena asanu.

"Watchuka, mnzanga! Ukulira chiyani?"

Lamulungu telala anavala suti imene anaisoka okha. Mzime anafuna kuwagwira mkono pakhomo kuti awauze, koma analephera. Kutchalitchi bambo anakwera kutsogolo, anatsinzina, anayamba. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, oyera, tchalitchi chonse chili zii. Kenako anafika paja.

"Ambuye, muti-khu-khu..."

Kumipando ya kumbuyo wina analephera kudzigwira. Wina anayankhira motsitsa, "Khu-khu." Phwete linayenda mpando ndi mpando, ngakhale akuluakulu ena anabisa nkhope m'mabuku a nyimbo, mapewa akugwedezeka. Telala anatsegula maso. Anayang'ana anthu amene anawasokera zovala za ukwati ndi za ubatizo, osamvetsa chimene alakwa. Anatsika pang'onopang'ono n'kutuluka.

Panja, mkulu wa mpingo wina anawaonetsa foni mwachisoni. Telala anadziona okha pakati pa zovala zopachikidwa. M'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka mpendero wa katani ya maluwa achikasu. Ankadziwa amene amasesa kuseri kwa kataniyo.

Sanamukalipire. Bwenzi zili bwino akanamukalipira. Kuyambira tsiku limenelo anangosiya kuyankhula. Kasitomala akabwera, ankaloza ndi chala, n'kulemba miyezo papepala. Ena ankabwera opanda nsalu, foni ili m'manja, akuti, "Madala, tanenani kaja!" Patebulo tiyi sankaziziranso, chifukwa panalibe womudikira.

"Okutsatira aja afika angati?" anafunsa mayi tsiku lina, akupinda nsalu osamuyang'ana. "Aitane onse. Abwere adzawayankhulitse bambo ako."

Patatha masabata atatu, Mzime analawirira ku shopu. Anaika foni pa makina, n'kugwada pakati pa tizidutswa ta nsalu.

"Bambo, ndine ndinajambula. Ndine ndinaponya. Ndinakugulitsani kuti anthu osandidziwa andikonde. Sindikudziwa kuti ndikonze bwanji."

Makina anasiya kulira. Telala anatembenukira kwa iye. Kenako mitsempha ya pakhosi inatupa, maso anatsinzina, phazi linayamba kugunda pansi.

"Mwa-mwana wanga, ndaku-khu-khu-khu..."

Linali liwu lomwe lija. Mzime ankalidziwa, linali pamlomo pake penipeni. Pamsewu panadutsa minibasi ikuliza nyimbo ija, ng'oma ndi nkhuku zomwe. Bambo anaimva. Thukuta linatsika pachipumi, koma sanalisiye liwulo. Mzime anadikira, misozi ikugwera pa diresi, ndipo anali asanaonepo chinthu chachikulu ngati chimenechi, m'foni kapena kunja kwake.

"...khu-khululukira."

Mawu anabwerera m'nyumba muja, pang'onopang'ono. Koma kutsogolo kwa tchalitchi telala sanakaimenso mpaka lero, ndipo kanema uja akuyendabe. Chaka ndi chaka amatulukira kwinakwake, anthu atsopano n'kuseka.

Ana inu, foni ndi chodabwitsa, sindikana. Koma musagule kuseka kwa alendo ndi manyazi a munthu amene amakukondani. Kunyoza kholo ndi tchimo, ngakhale mutalichita ndi chala chimodzi. Mulungu amakhululuka, bambo wa Mzime anakhululuka, koma chimene mwaponya m'menemo mumafufuta m'foni mwanu mokha.