Oyilo wa Lachisanu

Ireen anafika pa galaja ya Geresomo ku Nchalo dzuwa likuswa mtengo, galimoto yake ya matola ikununkha kupserera.

"Amakaniko, ikangotentha ikukana kusintha magiya," anadandaula motero.

Geresomo anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, n'kupeza ali bii. Atalowa pansi, vuto analiona pompo. Karediyeta kakang'ono koziziritsa oyiloyo kanali katatsekeka ndi matope a madzi osefukira a ku Mlolo, kwawo kwa Ireen, ndipo kankadontha. Kukasintha inali ntchito ya mphindi makumi awiri.

Koma atatulukamo anakumana ndi maso a Ireen, nzeru zonse balala.

"Vutoli ndi lobisala, achemwali. Muzibwera Lachisanu lililonse ndizithira oyilo."

"Takhuta," anathokoza Ireen m'Chisena, akumwetulira.

Pofika Lachisanu lachitatu, "achemwali" anali atasanduka "duwa langa". Mafoni sankapuma.

"Amuna ena ndi abodza, koma iwe ndakukhulupirira, wanga," analemba Ireen.

"Ndikadzakunamiza, Shire adzaume," anayankha Geresomo.

Bodza limenelo linkamudya. Karediyeta katsopano anagula ndithu, n'kukabisa pansi pa benchi. Koma Lachisanu likafika mtima unkamufooka. Nanga galimoto ikachira, Ireen adzabweranso? Ankangoti sabata ya mawa, mpaka miyezi inayi inatha.

Tsiku lina m'mamawa Ireen anaimba foni. Mayi ake, a Esinala, anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo madokotala a maso ochokera kunja ankamaliza ntchito tsiku lomwelo ku Blantyre. Ofika itakwana teni sankalandiridwa.

"Galimotoyi ikwera mapiri aja, wokondedwa?"

Apa ndiye panali poululira. Koma Geresomo sanaulule.

"Ikwera, duwa langa."

Siinakwere. Pakati pa chitunda, pamwamba pa Thabwa, giyabokosi inatentha, galimoto n'kuima. Maminibasi ankadutsa atadzaza. Ireen anaimbira foni Geresomo, koma pomwe iye ankafika pa njinga yamoto, teni inali itadutsa kale.

Sanafunse kanthu, ngakhale kachitsulo koyezera sanakakhudze. Anangogona pansi, kumasula mapaipi awiri, kuchotsa karediyeta kamatope, kumanga katsopano, kuthira oyilo wina. Ataliza injini, magiya analowa bwinobwino.

Ireen anatola katoni ya karediyetako, n'kupukuta fumbi ndi chala. Linali fumbi lakale, ndipo akangaude anali atamangamo kale.

"Wadziwa bwanji choti ubweretse usanaione galimoto?"

Geresomo anawerama n'kuyamba kutola zitsulo zake.

"Unadziwa liti, Geresomo?"

"Tsiku loyamba lomwe lija," anayankha chapansipansi. "Ndinkaopa kuti sudzabweranso."

Ireen sanakalipe, ndipo zimenezo n'zomwe zinamupweteka kwambiri Geresomo. Anangoyang'ana wotchi.

"Mphindi makumi awiri," anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Ukanandiuza kuti ukundifuna, ndikanabwera ngakhale wapansi."

A Esinala, amene anali m'galimoto, sanamve zonsezi. Anatulutsa dzanja pawindo, akufufuza m'malere mpaka anagwira nkhope ya Geresomo yodzaza oyilo.

"Ndinu apongozi anga aja? Mulungu akudalitseni, bambo, mwatithandiza. Ndimati lero ndikakuoneni ndi maso angawa."

Ireen anachotsa dzanja la mayi ake pang'onopang'ono, n'kukweza galasi. Kenako anatembenuza galimoto kuloza ku Mlolo, ndipo inatsika phirilo ikusintha magiya popanda vuto lililonse.