Malovu pa Mapepala

Chinthu choyamba chimene a Taipi anaona chinali ngodya ya tsamba la buku lawo la nyimbo. Bukulo analisiya lotseka patebulo la pabalaza, koma m'mawa analipeza lotsegula, masamba angapo atanyowa ndi kumatirana kumunsi, pamene munthu amagwira potembenuza. Ananunkhiza. Fungolo ankalidziwa: fodya wosakanikirana ndi mano owola.

Dzina loti a Taipi linawakakamira pa zaka makumi awiri zimene anataipa makalata m'chipinda chosungira mafailo, pansi pa nyumba yosanja, mopanda zenera. Bwana wawo kumeneko, amene onse ankamutchula kumbali kuti a Malovu, sankagwira pepala asananyambite chala. Lilime linkatuluka lonse, loyera ngati lapakidwa laimu, ndipo kalata iliyonse inkafika kwa a Taipi ili ndi chidindo chonyowa. Tsiku limene anapuma pantchito anasamba m'manja katatu, n'kulumbira kuti sadzapondakonso.

Koma usiku umene bukulo linanyowa anali atalota ali komweko. Anzawo onse akale analipo, aliyense pamalo pake, nkhope zotuwa, osayankhulana. Kunkangomveka kaphokoso ka lilime pachala, kenako pepala likutembenuka, kenako lilime, osalekeza mpaka kucha.

Amuna awo, amene anali telala, anati mwina ndi mphaka wa aneba. Anaseka n'kuwonjezera kuti ngati ntchitoyo akuisowa chotero, akapemphe kuti aziwalipira za usikuzo. A Taipi sanaseke.

Malotowo anabweranso mawa lake, ndi mkuja womwe. Kalendala ya pakhoma inanyowa miyezi yonse, mpaka imene inali isanafike. Kabuku kawo ka kuchipatala kanamatirana. Tsiku lachinayi anapeza zithunzi za adzukulu zitasanjidwa bwinobwino patebulo, chilichonse chili ndi chidindo chonanda pankhope ya mwana. Anazipukuta akulira, kenako anakasanza kuseri kwa nyumba. Nthawi imeneyo n'kuti lilime lawo litayamba zilonda, moti ngakhale tiyi ankamwa atazizira.

Usiku wachisanu telala ananamizira kugona. Magetsi anali atazima dera lonse, ndipo mdima m'chipindamo unali woti munthu sangaone dzanja lake. Patapita nthawi anamva bedi likulira, mapazi akukhwekhwereza kupita pabalaza, mpando ukukokedwa. Kunakhala zii. Kenako kaphokoso kaja kanayamba, konyowa, kosafulumira. Anatenga tochi n'kunyang'ama mpaka pachitseko.

Akazi awo anali atakhala tsonga, maso ali tseke, lilime lili panja lonse, dovu likuyenderera pachibwano. Ankanyambita chala n'kutembenuza mapepala amene telalayo amalembapo miyezo ya makasitomala. Kuwala kutawafika kumaso sanadzidzimuke. Anangoyankhula ndi mawu okhuthala, achimuna.

"Muzigogoda polowa muno."

M'mawa telala anafotokoza zonse, maso ali pansi. A Taipi anatsuka m'kamwa ndi mchere mpaka nkhama zinatuluka magazi. Chimene chinawanyansa kwambiri sichinali malovuwo, koma kudziwa kuti fungo lija linkachokera m'kamwa mwawo momwe, iwo amene sanasutepo fodya chibadwire.

Masana anapita kwa mnzawo mmodzi yekha amene ankadziwa kumene amakhala, mesenjala wa ofesi ija. Anamupeza atagona pamphasa pakhonde, ataonda, milomo itatupa. Mkazi wake anakokera a Taipi kukhitchini n'kuwanong'oneza kuti papita milungu itatu bamboyo akudzuka usiku kumanyambita makatoni, ndipo tsopano chakudya sichikupita. Anati anamva kuti mayi amene ankaphika tiyi kuofesiko anaikidwa mwezi watha, ndipo osambitsa maliro anakana kunena zimene anapeza m'kamwa mwake. Ena ankati a Malovu anamwalira kalekale. Ena ankati ali moyo, akusungidwa ndi mwana wawo wamkazi kuseri kwa msika.

A Taipi anaifunafuna nyumbayo mpaka anaipeza. Mwana wamkaziyo, mayi wotopa wa maso ofiira, anawalowetsa kuchipinda kumene kunkanunkha mkodzo ndi mankhwala opaka. A Malovu anali chigonere, atatsala mafupa okhaokha, mbali imodzi itafa. Mwanayo anati papita zaka ziwiri osatulutsa liwu, ndipo m'kamwa munauma gwa, moti amachita kuwanyowetsa milomo ndi thonje. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira mwezi watha ayamba kugona bwino usiku, ndipo amadzuka akumwetulira.

Mwanayo atatuluka kukatenga madzi, a Taipi anaima patali ndi bedi, atagwira mphuno ndi nsalu. Ankafuna kutukwana, koma asanatsegule pakamwa diso limodzi la nkhalambayo linatembenuka n'kuwapeza. Dzanja la mbali yamoyo linatambasuka mwaliwiro, n'kuwagwira pamkono. Linali lozizira, lonyowa.

"Dzulo munaweruka nthawi isanakwane," anatero momveka bwino. "Ndani uja anabwera ndi tochi?"

A Taipi anatsomphola mkono wawo n'kuthawa osatsanzika. Panjira anagula sopo, n'kuchapa mkonowo pampopi wa pamsika anthu akuwayang'ana.

Madzulo anasonkhanitsa pepala lililonse la m'nyumbamo, ngakhale satifiketi yaukwati, n'kutsekera zonse m'sutikesi. Kenako anapempha amuna awo kuti awamange manja kumutu kwa bedi ndi zidutswa za nsalu. Telala anamanga akupepesa pa mfundo iliyonse. Za funso la nkhalamba lija a Taipi sanawauze. Anaona kuti munthuyo wavutika kale mokwanira.

Usiku umenewo sanalote kanthu. Anagona tulo tofa nato, ndipo atadzuka dzuwa linali litalowa kale pazenera, lilime likupepuka, m'kamwa muli bwino koyamba pa sabata yonse. Anaitana amuna awo mosangalala kuti adzawamasule.

Mbali ina ya bedi inali yozizira. Kuchokera pabalaza kunamveka loko wa sutikesi akutseguka, mpando ukukokedwa, kenako kaphokoso konyowa kaja.

"Abambo?" anaitana motsitsa. "Tabwerani mudzandimasule."

Pepala linatembenuka. Mawu amene anayankha sanali a telala.

"Mudikire. Ndikuphunzitsa watsopanoyu ntchito."