Mapilisi Atasiya Kusweka

Dzuwa litapendeka, Napilisi anali kuseri kwa nyumba akuthandiza amayi ake kuanula zovala za eni ake. Amayiwo anali ochapa. Moyo wawo wonse unathera pa beseni, kuchapira mabanja a kumtunda kwa msewu, moti zala zawo zinali zong'alukang'aluka ndi sopo. Pa chingwe chomaliza panali chovala chimodzi chomwe sichinali cha kasitomala: chikhothi choyera cha ku labu, chomwe amayi ankamulanda Napilisi akangotsika basi.

"Amayi, kusukulu kuli ochapa. Bwanji mumadzivutitsa?"

"Ochapa ake ati? Aja ochapa ngati akukwiyira? Ndipatse kuno."

Dzina loti Napilisi anamupatsa ndi anthu a pamzere wa nyumbazo pomujeda. Atamaliza digiri yoyamba, onse ankayembekezera kuti akakhala pawindo la chipatala n'kumagawa mankhwala, abale azidumpha mzere. Iye anabwereranso kusukulu kukaphunzira kapangidwe ka mankhwalawo. Masiku ena ankakhala ku labu, ena kufakitale, atavala chipewa chophimba tsitsi ndi kansalu kukamwa, akusefa ufa ndi kuudyetsa makina oumba mapilisi. Kafukufuku wake anali wa pilisi la ana odwala chibayo, loti lisungunuke pa supuni ya madzi, lonunkhira malalanje kuti mwana asalavule.

Koma mapilisiwo ankasweka. Akangotuluka m'makina, pamwamba pake pankasendeka ngati chivundikiro cha botolo. Anasintha zosakaniza, anasintha mphamvu ya makina, koma ayi ndithu.

"A Pulofesa akuti zikapitirira chonchi andichotsa pa kafukufuku," anatero Napilisi, akupinda nsalu ya pabedi. "Zaka zonsezi kungopita m'madzi."

Amayi anakutumula chikhothi chija, n'kulowetsa dzanja m'thumba lililonse pang'onopang'ono.

"Asiya kusweka," anatero.

Atabwerera ku labu, Napilisi anayesa kuumitsa ufa wake nthawi yotalikirapo. M'mawa wina anayatsa makina, ndipo mapilisi anayamba kugwera m'thireyi athunthu, osalala, onyezimira. Anatola limodzi n'kulifinya ndi zala, osasweka. Analiponya pansi, linangogubuduka. Analira ndi chimwemwe mpaka kansalu ka kukamwa kananyowa. A Pulofesa, munthu wosadziwa kuyamika, anamugwira chanza.

Masana a tsiku lomwelo mng'ono wake anaimba foni.

"Achemwali, amalume atisiya."

"Amalume ati? Amadwala?"

"Ayi. Amakonza njinga pakhonde la sitolo. Angogwa, sipanala ili m'manja."

Pamaliro Napilisi anamva manong'onong'o. Anyamata amene ananyamula amalumewo ankati milomo yawo inali mbuu, ngati munthu wanyambita choko. Ankatinso thupi linkanunkha malalanje, chonsecho sinali nyengo yake, ndipo amalume sankadya chipatso chilichonse chowawasa. Napilisi anangoti ndi mtima, matenda a mtima amagwetsa anthu tsiku lililonse. Za fungolo anazikankhira kutali.

Koma pamzere paja mtendere unachoka. Dzuwa likamalowa, agalu ankalowa pansi pa mabenchi n'kumalira chapansipansi. Kenako pamalata pankamveka kugogoda. Sikunali kwa mbalame kapena kwa mwala. Kunkayamba pa nyumba imodzi, kudumphira pa ina, n'kumazungulira mzere wonse. Amuna ankatuluka ndi zibonga, osapeza kanthu, koma m'mawa pamakomo pankapezeka kafumbi koyera. Azimayi anasiya kutuma ana kumpope madzulo.

Napilisi atabwera kudzacheza, anafunsa mng'ono wake, yemwe ankayamwitsa mwana pakhonde.

"Kugogodako kumamveka bwanji?"

Mng'onoyo anagogoda pa mpando ndi chala. Go, go, go, kenako kadukidwe pang'ono, go. Anabwerezanso chimodzimodzi.

Napilisi anakuzindikira kugogodako. Makina a ku labu anali akale, ndipo chitsulo chake chimodzi chinkakodwa chisanatsike. Ankalira ndendende choncho. Mng'ono wakeyo anali asanapondeko ku yunivesite.

"Mwatani achemwali? Mukukudziwa?"

"Ayi. Ndikudziwira kuti?"

Gawo lachiwiri la kafukufuku linali lodikira. Mapilisi anawatsekera m'kabati yotentha ndi yachinyontho kwa miyezi, kuti aone ngati angapirire nyengo yoipa osataya mphamvu. Tsiku lotsegula kabatiyo, mapilisi anali bwinobwino ngati apangidwa dzulo. A Pulofesa anati sanaonepo zotere. Napilisi anaseka nawo, koma foni anaiika m'thumba atazimitsa. Ataiyatsa madzulo, uthenga unali ukumudikira. Msuweni wake, mwana wa amalume aja, mtsikana amene anali atangotsegula kashopu kosokera, anamupeza atawerama pa makina ake, nsalu ili pansi pa singano, milomo ili mbuu.

Ulendo uno anthu sananong'one. Napilisi atangolowa m'nyumba ya maliro, mayi wa malemuyo anadzuka pa mkeka, maso ali psuu.

"Wabwera kudzawerenga otsala? Mwamuna wanga wapita, mwana wanga wapita! Ukakhoza kusukulu kwakoko, kuno timakumba manda. Mankhwala ake ati amene ukuphunzirawo?"

"Aunt, ine..." anayamba Napilisi, koma mayiyo anamudula mawu.

"Nunkhizani zovala zake! Nunkhizani, mumve!"

Azimayi anamutalikira. Amene anaima pakati ndi amayi ake, kamunthu kakang'ono kowerama msana.

"Mwana wanga mumusiye! Pamene ana anu ankagona, uyu ankawerenga pa kandulo. Nsanje ikupheni!"

Napilisi anatuluka atatsamira phewa la amayi ake, akuthokoza mumtima kuti pali munthu mmodzi womukhulupirira.

Maliro atatha, anaganiza zobwerera msanga. Anali masana, dzuwa lili pamutu. Abambo ake, omwe miyendo inawalanda ntchito yoyendetsa basi, ankawodzera pa mpando wawo pabalaza. Mng'ono wake anali atapita ndi mwana kusikelo. Napilisi analongedza chikwama, koma chikhothi sanachipeze. Akuyang'ana pa chingwe, anamva kugogoda kuja. Go, go, go, kadukidwe, go. Sikunali pamalata. Kunkachokera m'kachipinda kositira zovala kuseri kwa nyumba. Fungo la malalanje linali lamphamvu moti linamuyabwa pakhosi.

Anakankha chitseko.

Amayi anali atakhala pansi pakati pa mitolo ya zovala za anthu. Pathupi pawo panalibe china koma chikhothi choyera chija. Maso anali otembenuka, oyera okhaokha. Patsogolo pawo panali chitini chakale cha sopo, chodzaza theka ndi ufa woyera. Ankatapa ufawo ndi chala n'kuika pa lilime, ndipo chibwano chawo chinkatsika ndi kukwera chokha, mano akugundana. Go, go, go. Pakadukidwe paja, kapilisi konyowa kankagwa kuchoka pakamwa pawo n'kugwera m'mbale.

"Amayi!"

Chibwano chinaima. Maso anabwerera pang'onopang'ono. Amayi sanadzidzimuke, sanachite manyazi. Anangokoka chikhothicho kuphimba maondo.

"Tseka chitseko, ukulowetsa ntchentche."

"Ufa umenewu mwautenga kuti?"

"M'matumba mwako. M'misoko. Kangati ndakuchapira chikhothichi?"

"Amalume... ndi inu? Mlongo wanu weniweni?"

"Mlongo wanga amene ankati kuphunzitsa mwana wamkazi n'kutaya nthawi? Wathandizako tsopano."

"Nanga mtsikana uja anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Kabati yako ija inkafuna wina wamphamvu."

Napilisi anakweza mawu.

"Mapilisi anasiya kusweka chifukwa ndinaumitsa ufa. Ndi ine! Ndi mutu wangawu!"

Amayi anaseka, kaseko kouma kopanda chimwemwe.

"Mutu uli nawo, sindikukana. Koma uganiza mitu yabwino yatha m'mabeseni ndi ingati? Ine m'kalasi sankandiposa munthu. Taona zala zangazi. Ndinalumbira kuti mwana wanga sadzagwira kabudula wamkati wa munthu wina. Iwe werenga. Zinazi ndisiyire."

Napilisi anawavula chikhothicho mwaukali n'kuwaponyera nsalu. Chitini atafuna kuchitenga, sichinasunthe, ngati achimatira pansi ndi simenti. Amayi anangomuyang'ana.

"Tenga chikhothi chakocho. Ufa ndili nawo wokwanira."

Anathamangira pabalaza n'kudzutsa abambo ake. Anawauza zonse. Abambo anamuyang'ana mwachisoni.

"Mayi ako? Amene amakuwa akaona mphemvu? Mwana wanga, mabuku akuchulukira. Kapume."

Mng'ono wake yekha, atabwerako kusikelo, ndi amene anamva. Sanafunse zambiri. Anabereka mwana, n'kukwera basi yopita kwa apongozi ake tsiku lomwelo.

Chikhothi chija Napilisi anakachiponya m'ng'anjo yootchera zinyalala kufakitale. Kwawo anasiya kupita. Koma kunatsala mayeso omaliza, oti akaime pamaso pa akadaulo n'kuyankha mafunso pa kafukufuku wake. Anapempha A Pulofesa kuti amuchotse. Iwo anakana, amvekere mantha otere amagwira aliyense. Choncho anatsimikiza mtima kuti akalowa, koma akalephera dala. Akangokhala duu mpaka amutulutse.

Chipinda cha mayeso chinali chozizira, chokhala ndi tebulo lalitali ndi mabotolo a madzi. Mayi wina wa magalasi, mkulu wa kufakitale ina, anafunsa funso loyamba: n'chifukwa chiyani mapilisi ankasweka poyamba? Napilisi analuma mlomo n'kuyang'ana pansi. Anamva chibwano chake chikukokedwa, ngati wina wachigwira ndi zala zokhakhala, zozizira ndi madzi. Pakamwa panatseguka. Mawu anatuluka osalala, okhazikika, ofotokoza za chinyontho, za mpweya wotsekeredwa mu ufa, za liwiro la makina. Anayesa kunama, lilime linakana. Chomwe chinamupweteka koposa n'chakuti yankho lililonse linali lake. Zonsezo anaziwerenga yekha, anazivutikira yekha, maso akutupa. Koma tsopano sakanadziwanso, mpaka kufa, kuti zake zinkathera pati ndipo za amayi zinkayambira pati.

Akadaulo anaimirira n'kuomba m'manja. Misozi yake anaiyesa yachimwemwe. Pakhonde A Pulofesa anamuuza kuti malo a digiri ya udokotala ndi ake ngati akufuna, ndipo fakitale yavomera kupanga mapilisi akewo ochuluka, oti akafike kwa ana m'zipatala.

Foni inalira asanayankhe. Anali amayi.

"Wakhoza?"

Amayi sanadikire yankho.

"Ndikudziwa kuti wakhoza. Bwera mawa, udzaike abambo ako. Apita bwinobwino, ali pa mpando wawo, sanavutike."

Napilisi anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi. Ophunzira ankamudutsa, ena akumuwomberabe m'manja.

"Mwandiphera abambo chifukwa cha pepala?"

"Usalire mokweza, anthu angakuseke. Nanga za udokotalazo uyamba liti?"

Za udokotala anali asanauze munthu.

"Sindipitiriza. Mwamva? Ndikagulitsa makala, ndikachapa ngati inu, koma sukulu ndathana nayo lero!"

"Upitiriza," anatero amayi mofatsa, ngati akumunyengerera kuti adye. "Ndayambapo kale. Zoyambidwa sizibwezedwa, mwana wanga. Ukasiya, ndiye kuti apita pachabe."

"Apita ndani?"

Foni inaduka.

Nthawi yomweyo anaimbira mng'ono wake. Inaitana mpaka kuduka yokha. Anaimbanso. Ulendo uno wina anayankha, koma sanali mng'ono wake. Anali apongozi aja, mawu awo akumveka patali, ndipo kumbuyo kwawo mwana ankalira kulira kosatonthozeka.

"Ndinu achemwali ake? Tikumudzutsa, sakudzuka. Bwerani."

A Pulofesa anali ataimabe pomwepo, akumwetulira, kudikira yankho.