Nsalu Yamaliro ya Agogo Ester

Eveline anakulira ku Bowe, m'nyumba imene munthu sagona asanapemphere kolona. Parishi itamulemba ntchito kunyumba yosamalira okalamba, mayi ake a Kristina anamugwira dzanja.

"Mwananga, kumeneko ngakhale singano ili ndi mwini wake."

Koma Eveline anayamba kuba sopo, kenaka shuga. Mnzake Blessed, wogulitsa kaunjika ku Mponela, ndiye anakolezera moto.

"Nkhalamba zimaiwala ndi dzina lomwe, iwe. Bweretsa zooneka."

Agogo Ester, mmodzi wa okalambawo, analibe mwana kapena mbale wotsala. Chuma chawo chonse chinali m'sutikesi: nsalu yoyera yoti adzawakulungemo akamwalira, ndi kolona m'kati mwake. Lamulungu lililonse ankaitulutsa kuti ipitidwe mphepo. Eveline anaitenga Lolemba.

Agogowo anakadandaula kwa asisitere oyang'anira nyumbayo.

"Mutu wawo sukugwira," anatero Eveline, maso ali gwa. "Dzulo amati aberedwa ng'ombe."

Anthu anaseka. Agogo Ester anatembenukira kukhoma, ndipo kuyambira tsikulo anakana chakudya.

A Kristina anapeza kolona uja m'chikwama cha mwana wawo. Anamuzindikira ndi mkanda wake wosweka, poti ankapemphera ndi okalambawo Loweruka lililonse.

"Amayi, musakanene. Ndine mwana wanu."

"N'chifukwa chake ndikukanena," anayankha akulira, natsetserekera kwa asisitere.

Eveline anathamangira ku Mponela kwa Blessed, kumene anakasiya nsalu ija, koma inali itagulidwa kale ndi telala, amene anaidula makatani. Pobwerera, asanafike pachipata, anamva azimayi akuyimba nyimbo zamaliro. Agogo Ester anamwalira aliyense akuwayesa amisala, choonadi chitachedwa ndi m'mawa umodzi.

Posambitsa thupi panalibe chokulungira. A Kristina anapita kwawo nabwera ndi nsalu yawo yoyera, imene anaisunga zaka khumi kudikira tsiku lawo.

Ntchito inamuthera Eveline, ndipo Blessed sanayankhenso foni. Koma chimene chinamuswa mtima ndi mawu a mayi ake pochoka kumanda.

"Ine ndikadzapita, udzandifunditse chimene udzapeze."

Achinyamata, kuba kumayamba ndi kasopo. Wobera nkhalamba amaibera ndi ulemu womwe, ndipo wodziwa koma osanena ndi wakuba mnzake. Nenani mwini katundu akadali moyo, chifukwa kumanda kulibe kupepesa.