Zimene Zakeyu Anayatsa Osafunsa

Felesiya anafika pa kakontena ka Zakeyu pa Nathenje tsiku Loweruka, foni ili m'manja, fumbi la m'njira ya ku Mitundu lili mbuu kumapazi.

"Pepani achimwene, akuti inu ndinu dokotala wa mafoni. Yangayi ikundidyera bandulo ngati anankafumbwe. Kungotsegula tsamba limodzi, basi yatha!"

Zakeyu anatsegula bulawuza, pulogalamu yowerengera masamba a pa intaneti, n'kulowa pamalo ena pomwe ambiri safika.

"Apa pali zoyesera," anatero. "Ndi zinthu zomwe opanga sanamalize kuzikonza. Siziyaka zokha, mwini foni ndiye amasankha. Chilipo china chopeputsa zithunzi kuti bandulo izikhalitsa, koma nthawi zina chimavuta. Ndiyatse?"

"Yatsani. Chikavuta ndibwera kudzakuimbani mlandu."

"Ndiye ndipemphera kuti chivute."

Felesiya anaseka mpaka kugwira pakamwa. Sichinavute, komabe Loweruka lotsatira anabweranso.

Felesiya anali mphunzitsi wa Sitandade 8 pasukulu ina ku Mitundu. Posakhalitsa mameseji anayamba kudutsana pakati pa awiriwa ngati maminibasi a pa M1.

"Duwa langa, wadya? Ine chakudya chikukana, chikuti mpaka ndikuone."

"Iwe wabodza! Idya, usandiwondere chinkhoswe chisanafike."

Analonjezana zambiri. Anagwirizana zodikira mpaka ukwati woyera, ndipo Zakeyu analumbira atagwira dzanja lake: "Fele wanga, ine sindidzakubisira kanthu, ngakhale kakang'ono ngati nyerere."

Koma Mitundu ndi Nathenje si pafupi kwa munthu wansanje. Panali mphunzitsi mnzake wa Felesiya, Matthews, yemwe ankamunyamula pa njinga yamoto akamapita kumisonkhano ya aphunzitsi. Dzina limeneli likatchulidwa, mtima wa Zakeyu unkachita kuti myuu.

Tsiku lina Felesiya anasiya foni kuti aisinthire galasi, iye n'kupita kukagula tomato. Zakeyu analowanso pa zoyesera paja. Panali chatsopano: cholumikiza bulawuza ziwiri, kuti masamba otsegulidwa pa foni azionekanso pa laputopu yake. Chala chake chinaima m'malere. Amufunse? Nanga akakana?

Anayatsa.

Masabata oyamba ankangoona masamu a ana ndi masitayilo a madiresi a chinkhoswe. Manyazi ankamugwira, n'kumati mawa azimitsa. Mawa lake silinafike.

Kenako Lachitatu lina anaona masamba atatu otsatizana. Zizindikiro za mimba. Zakudya za mayi woyembekezera. Masiku a sikelo kuchipatala.

Mimba? Ya ndani, poti iwo anagwirizana zodikira?

Sanaimbe foni. Anatseka kontena, nakwera kabaza, ulendo wa ku Mitundu. Anafika ana ali pa buleki, aphunzitsi atakhala pansi pa mtengo wa keshya.

"Felesiya! Wandipusitsa mokwanira! Mimba imeneyo ndi ya Matthews, eti? Uwauze anzakowa!"

Ana anasiya mpira. Matthews anaimirira, kukamwa kuli yasa.

Felesiya sanakuwe. Anamugwira pamkono n'kumulowetsa m'kalasi mopanda anthu.

"M'kalasi mwangamu muli mtsikana," ananong'ona. "Mwana wa matenanti a pa esiteti. Ali ndi pakati, ndipo makolo ake sakudziwa. Anandiuza ine ndekha, akulira. Ndimafufuza kuti ndimuthandize bwanji, alembe mayeso ake. Panopa ali panjapo, wamva zonse wakuwazi. Ukuganiza abweranso mawa?"

Zakeyu anatsitsa mawu.

"Fele, ine ndimayesa..."

"Ayi, dikira. Wadziwa bwanji zimene ndimawerenga pa foni yanga?"

Akanayankha chiyani? Ananena zoona, mawu akutuluka modukaduka, maso ali pansi.

"Kuyambira tsiku la galasi lija?" Felesiya anafunsa. "Nthawi yonseyi umanditcha duwa lako, kwinaku ukundisuzumira? Pamene ndinali munthu wachilendo unandifunsa kaye usanayatse. Koma wokondedwa wako ayi?"

Felesiya anamupatsa foni ija. "Zimitsa. Ndikuona."

Zala zomwe zinkamasula tizitsulo ting'onoting'ono popanda vuto zinalephera kawiri konse kugunda pamalo pake. Kachitatu chinazima.

"Pepa, wapamtima. Ndikhululukire. Ndipita panjapo ndikagwade, ndikawauze kuti ndanama."

"Ukawauze kuti masambawo anali a ndani?"

Kuti ayeretse dzina la Felesiya, Zakeyu anayenera kuulula za mwana uja. Felesiya anasankha kukhala chete, ndipo mphekesera inamumata. Kumsika wa Mitundu azimayi ankamuyang'ana pamimba asanamupatse moni. Mtsikana uja anajomba sabata yathunthu, ndipo Felesiya ankayenda wapansi kupita ku esiteti madzulo aliwonse mpaka anamubwezera m'kalasi.

Zakeyu analemba mameseji osawerengeka. "Fele, sindikugona." "Ndilange m'mene ungafunire, koma usandisiye." Anatumanso malume ake, a Maliro, kukapepesa kwa akuchikazi. Anawalandira mwaulemu, kuwapatsa mpando ndi madzi akumwa, koma anabwerako chimanjamanja.

Mayeso atatha, Felesiya anapempha kuti amusamutse, ndipo anamutumiza kusukulu ina kupitirira Diamphwe. Asananyamuke anayankha meseji imodzi yokha.

"Ndinakukhululukirani kale, a Zakeyu. Mwana uja walemba mayeso onse. Mukadandifunsa tsiku lija, ndikadakupatsani foniyo kuti muwerenge chilichonse. Ndinalibe chobisa. Tsalani bwino."

Zakeyu anawerenga ataimirira m'kontena muja, kasitomala akudikira pawindo. Anayesa kuimba. Foni inaitana mpaka kuduka yokha.

"Achimwene, mundithandiza kapena ndipite kwina?" kasitomala uja anafunsa.

Zakeyu anapukuta m'maso ndi mkono wa shati, natambasula dzanja kulandira foni ya munthuyo.